Phala la Hatchi Yopanda Mano

Amene adalipo tsiku lomwe lole idabwera ndi matumba a chakudya cha mahatchi ndiwatchula onse, kuti pasadzapezeke wonena kuti Mwale wawonjezera zake. Padali a Jere, tenanti wochokera ku Mzimba, munthu wa nthabwala zoluma ngati linthumbu. Padali akazi awo anyaTembo. Padali a Chisale, kapitawo wa esiteti, ndi kandodo kawo. Padali Sikelo ndi Binwelo, pachibale pawo, amene ankatsitsa matumba. Padali dalaivala wa lole, dzina lake sindidafunse. Chapatali pansi pa bulugamu padaima mpongozi wanga Naphiri, ndowa pamutu, mdzukulu wanga Tadala kumsana. Ndiye padali ine. Mwana wanga Lameki padalibe. Akadakhalapo, bwenzi ndilibe nkhani yolemba, ndipo mwina bwenzi Tadala akupita kusukulu lero ndi anzake.

Ndine Zakeyu Mwale, koma kuyambira ku Wimbe mpaka ku Mtunthama dzina limenelo salidziwa. Funsani Mwale wa Mahatchi, akulozerani. Ndidakalambira m'khola la mahatchi pa esiteti ya fodya, ndipo ndikunena ine, palibe hatchi idafa ndi mimba m'manja mwanga, palibe dzanja limodzi la chakudya lidasowa m'sitolo ine nditagwira kiyi. Ndikaitana hatchi ndili pakhola, matenanti ankandimva ali kudambo.

Izi ndalemba ndekha. Dzanja langali lidaphunzira kugwira cholembera ku sukulu ya kwacha imvi zitadzaza kale mutu. Chaka chomwe ndikunenachi sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Koma m'thumba la malaya ndinkaika cholembera, pamphuno magalasi amene abwana adataya, m'khwapa nyuzipepala yakale. Mahatchi ndinkawakalipira m'Chizungu chotola. Pa esiteti yonse ankati a Mwale ndi ophunzira. Odziwa zoona adali awiri okha: mkazi wanga Nabanda, amene adali atagona kale kumanda, ndi Lameki, amene ndidamufikitsa Folomu 2 ndi ndalama za mahatchi kuti azindiwerengera makalata titatseka chitseko.

Okutobala

Dzinja lapitalo mvula idadula chimanga chili pa ngaiyaye, ndiye pofika Okutobala nkhokwe zambiri zinkalira ngati ng'oma ukazigogoda. Kenaka osaka mbewa adatentha dambo lomwe tinkamwetako udzu wa mahatchi. Tsiku limodzi lokha, udzu wa miyezi itatu udasanduka phulusa.

Mahatchi adali atatu. Namondwe, wamphongo wakuda. Chitedze, wamkazi waukali, woluma alendo. Ndi Mfumukazi, nkhalamba yomwe ndidailandira ili kamwana. Mano ake adali atatha, udzu inkangoubwira n'kulavula timipira tonyowa, nthiti zonse pamtunda.

Abwana ankakhala ku Lilongwe, kubwera pakutha pa mwezi ndi ana awo. Sadali munthu woipa, mundimve bwino. Adaona dambo lakuda, adaona nthiti za Mfumukazi, n'kuti, "Madala, ndikutumizirani chakudya china. Ichi n'cha zonse momwemo. Udzu uli momwemo, gaga momwemo, mchere momwemo. Simusowanso kumweta." Adandiuza kayezedwe kake: kachitini kanayi patsiku, osati kamodzin'kamodzi, kuyamba pang'onopang'ono kuti mimba izolowere, madzi akumwa asasowe. Cha Mfumukazi, kuviika m'madzi ofunda mpaka chisanduke phala. Adatumiziratu matumba awiri oyesera. "Fumbi lotsala pansi pa thumba muzitenga," adatero, "mukapatse nkhuku zanu."

Mwezi womwewo Lameki adamanga kachikwama. Adati akukasuma ku minda ya ku Zambia, abwera pa Khirisimasi ndi chimanga. Adandisiyira mkazi ndi mwana.

Tsono kwathu kuno mpongozi ndi mpongozi sayang'anana m'maso, salankhulana ngati anzawo. Ine ndi Naphiri mawu athu ankadutsa mwa mwana. Iye agwada kuseri kwa khonde, nkhope kumbali: "Tadala, awuze agogo madzi ali kubafa." Ine: "Tadala, awuze amako ndamva." Kamwanako, zaka ziwiri ndi theka, kankangoseka n'kubwereza liwu lomaliza lokha. "Ndamva! Ndamva!" Pakamwa pa nyumba yathu padali pomwepo.

Novembala

Lole ya matumba ambiri idafika dzuwa lili paliwombo, kumwamba kuli mbee, anthu akuchokera kothirira nazale. Potsitsa, thumba limodzi lidakodwa ku msomali n'kung'ambika. Timibulu tobiriwirako tidamwazika pansi. Fungo lake, ha! Ngati wina akuwotcha zitumbuwa pafupi ndi mulu wa nzimbe. Anthu amene adadya komaliza dzulo lake adaima.

A Jere adatola kamodzi n'kununkhiza. "Aa, nadi dziko lili ndi tsankho. Ife gaga, hatchi bisiketi! A Mwale adada, m'kholamo malo a hatchi yachinayi palibe? Kulira kwake ndimatha ine." Adalira ngati Chitedze, onse n'kugwa ndi phwete.

"Tayani, a Jere! Si za anthu zimenezo."

"Wanena ndani? Inu odziwa Chizungu, ndi cholembera chanucho, tatiwerengerani. Aikamo vichi umu?"

Maso onse pa ine. A Chisale Chizungu sichinkawalowa. Dalaivala adali pansi pa lole ndi foni yake. Ndidakonza magalasi, ndidatsokomola, ndidaika chala pa zolemba zakuda n'kumachiyendetsa monga ndinkaonera Lameki. Ndidangobwereza za abwana: udzu momwemo, gaga momwemo, mchere momwemo.

"Ndiye chakudya chimenecho!" adatero a Jere. "Nanga pofiirapa?"

Pansi pa thumba padali mizere iwiri yofiira. Ndidaona mmene Sikelo ndi Binwelo ankamezera malovu. Ndidaona loko wa sitolo yanga, kaloko kochepa. Ndidaonanso kuti ndikangoti kakasi, a Jere andiyesa nyimbo mpaka ndidzafe. Ndiye ndidakweza mawu, amene aja omveka kudambo.

"Apa ndiye pankhani! Alemba kuti: Chenjezo. Muli mankhwala a hatchi. Munthu akadya, mimba itupa, masiku atatu kumanda. Mwana ndiye tsiku limodzi!"

Za mwanazo ndidangowonjezera kuti zimveke bwino. A Jere adataya kambulu kaja n'kupukuta zala pa buluku. AnyaTembo adalavula. Pansi pa bulugamu, Naphiri adakokera chitenje pamutu pa Tadala n'kuchoka msangamsanga.

Ine ndinkadziwa. Thumba lililonse ndikatsegula ndinkatafuna kambulu kamodzi kuti ndimve ngati chachita nkhungu, poti hatchi nkhungu imaipha. Matumba awiri oyesera aja ndidalawa onse. Kukoma kwake ngati chigumu chosapsa bwino. Mutu sudandipweteke n'komwe.

Madzulo ake ndidadya mokondwa. Ndidati ndateteza sitolo popanda mlonda.

Disembala

Mvula idagwa sabata yoyamba, yamphamvu. Aliyense adathamangira kowokera fodya, chimanga kubzala m'mbali m'mbali, mbewu yake ya m'nkhokwe poti yogula idali itadula. Ngumbi zidatuluka, ana adanona milomo masiku atatu. Matenanti ankalandirabe phoso lawo, ndowa ya chimanga pa banja, ine wapamwezi ndowa yanga ndi kamalipiro.

Msipu udamera, koma abwana adati mahatchi apitirize kudya zonsemomwemo, poti dzina la chakudya chija lidakhala lomwelo. Nthawi ya mvula timawatsekera msanga kuopa tizilombo touluka tobweretsa matenda, ndiye kudya kwa kudambo sikukwana. Ndipo zoona, chakudya chija chidagwira ntchito. Namondwe adayamba kunyezimira ngati nsapato ya abusa. Mfumukazi nthiti zidabisika. M'mawa uliwonse ndinkafunditsa madzi, kuviika, kutakasa ndi mthiko wakewake, kuyesa ndi chala ngati lazizira, kenaka kuigwirira beseni. Inkadya maso ali tseke.

Bodza langa lidathamanga kuposa Namondwe. Ku chigayo ndidamva kuti galu wa a Chisale adafa atanyambita thumba, chikhalirecho galuyo adagundidwa ndi thirakitala. Ku Mtunthama wina adandiuza ine mwini wake kuti munthu wa ku Kaluluma adaba chakudya cha mahatchi, adaphulika mimba ali pa njinga. Ndidagwedeza mutu n'kuti, "Kusawerenga kumapha." Inde, ndidatero ine. Lembani pamtima.

Khirisimasi idafika, Lameki osaoneka. Foni yake inkangoti sakupezeka. Naphiri ankasesa pabwalo kawiri patsiku, maso ku msewu.

Januwale

Mvula idaima masabata atatu. Chimanga chidapota masamba ngati anyezi, mbozi n'kulowa m'mitima yake. Fodya yekha ndiye adapirira, koma fodya sadya.

Phoso lidadulidwa pakati. A Chisale adati ngakhale abwana chimanga akuchisowa kogula. Kwa mavenda mtengo unkasintha m'mawa ndi madzulo. Ndalama yomwe mu Okutobala inkagula ndowa, tsopano inkagula kambale. Mbuzi yathunthu inkapita ndi ndowa imodzi, wogula akuchita kunyinyirika. Gaga amene kale tinkathira nkhumba adayamba kuyezedwa ndi kapu, ena kusakanizamo utuchi. Kudepoti anthu ankagona pamzere masiku awiri n'kubwera ndi thumba lopinda m'khwapa. Kudamveka kuti kukubwera chimanga chaulere, mayina adalembedwa kumidzi, koma a pa esiteti adati ndife a bwana, atidyetse bwana. Banja la Sikelo lidathawa fodya ali m'munda, kusiya ndi mphika womwe.

Kwathu tidagulitsa nkhuku zonse, kenaka wailesi, kenaka mpando wa Nabanda. Tinkadya kamodzi, madzulo: phala la gaga, bonongwe wopanda mchere, mango aawisi owiritsa. Tadala tsitsi lidayamba kufiira n'kufewa ngati ndevu za chimanga. Kuseka kudachepa.

Tsiku lina m'mawa Naphiri adabwera kukhola kudzatunga madzi pa mpopi wathu. Adatsitsa mwana pansi. Ine ndidali nditaika beseni la Mfumukazi pakhomo kuti lizizire, ndikumanga Chitedze m'kati. Ndidangomva kamawu kumbuyo: "Agogo, phala."

Potembenuka, kadzanja kadali kale m'kamwa.

Kukuwa kwa Naphiri sindidzakuiwala. Mkazi amene chikwatiwire sindidamumvepo akukweza mawu! Adamumenya mwana padzanja, adamupisa chala kukhosi mpaka adasanza, adamutsuka m'kamwa ndi madzi a pampopi, akulira, "Mayo ine, tsiku limodzi! Tsiku limodzi!" Tadala ankalira akuloza beseni. Sankalirira kumenyedwa. Ankalirira phala.

Pakhomo padadzaza anthu. Ine chiimire, chingwe m'manja. Mawu adafika pakhosi apa: musiyeni, sichipha. Koma a Jere adalipo, a Chisale adalipo, akazi a mzere wonse adalipo. Ndidamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwachita bwino kumusanzitsa msanga."

Naphiri adakhala tsiku lonse mwana ali pamiyendo, kudikira mimba itupe. Kutacha ali moyo, amayi a Mvano adabwera kudzathokoza Mulungu. Nyimbo yake ndidayambitsa ndine.

Febuluwale

Mvula idabweranso, yosalekeza, ngati ikupepesa mochedwa. Uwu ndi mwezi womwe munda umakhala wobiriwira, m'mimba muli mbee. Anthu adakumba zitsa za nthochi, kusinja, kuyanika pamoto. Ena adadya bowa wosamudziwa. Maliro adachuluka mpaka belu la kutchalitchi adaleka kuliza. Othyola fodya ankagwa m'mizere, kudzuka, kupitiriza kusoka, poti zigafa sizidikira.

Kuseri kwa chitseko cha sitolo ndidali ndi ndowa. Chigulitsire nkhuku, fumbi la pansi pa matumba lija, lomwe abwana adandipatsa ndi pakamwa pawo, ndinkathira mmenemo. Idadzaza mpaka pakamwa. Sikudali kuba. Chidali changa. Chotchinga chidali chimodzi: lilime langa.

A Jere adandipeza ndikutakasa phala la Mfumukazi. Adali atatha, buluku atamanga ndi luzi. AnyaTembo miyendo idali itatupa. Nthabwala zidalipobe, koma zopanda mano.

"A Mwale, paja mudati masiku atatu? Ndipatseni mbale imodzi. Masiku atatu okhuta, lachinayi mukandiimbire bwino. Njala iyi ikuchedwa nane."

"Ndisakhale wakupha munthu ine, a Jere."

Adandiyang'ana, n'kuyang'ana hatchi. "Yewo, adada," adatero, n'kumapita atagwira mpanda.

Tadala adayamba kutsegula m'mimba. Mapazi adatupa, nkhope idatupa, osadziwa n'kumati wanenepa. Ndidalephera kupirira. Loweruka masana ndidanyamula ndowa ija, ndidaphimba ndi thumba, ndidakaika pakhonde. Naphiri adali kuseri, mwana atagona pamphasa pakati pathu. Ndidakhala pansi, ndidayamba bwinobwino.

"Tadala, awuze amako kuti zili m'ndowamu..."

Pampanda padatulukira anyaTembo, adabwera kudzapempha moto. Adaima, maso pa ndowa.

"...ndi za nkhuku," ndidamaliza.

Nkhuku zake ziti? Pakhomo padalibe ngakhale nthenga. Ndidati mumtima, Naphiri ndi wochenjera, amva yekha, aphika mwakachetechete, ine nkhope yanga ikhala pamalo pake. Ndidabwerera kukhola. Pobwera madzulo ndidapeza ndowa yotsukidwa ndi phulusa, yovundikira padzuwa. Kuseri kudamveka mawu otopa:

"Tadala, awuze agogo ndakataya kuchimbudzi. Ndimaopa ungatole."

Mwana sadabwereze kanthu. Ine ndidati, "Awuze amako ndamva."

Ndidalumbira kuti thumba lotsatira ndikatsegula, nditenga mbale yodzaza, ndidya ndekha pamaso pa Naphiri, anthu aseke mmene angasekere. Ndidati Lolemba. Lolemba a Chisale adakhala pakhola tsiku lonse kuthawa mvula. Ndidati mawa.

Lachiwiri kukucha, ndikumanga nsapato, Naphiri adaima pakhomo panga. Sadagwade. Sadadutse mwa wina.

"Apongozi, mwana sakudzuka."

Thirakitala idalibe mafuta, njinga tidali titagulitsa. Hatchi sinkaloledwa kutuluka pa geti, koma ndidamanga chishalo pa Namondwe osafunsa munthu. Naphiri adandimangirira mwana pachifuwa ndi chitenje chake. Kupepuka kwake ngati mtolo wa fodya wouma. Ndidamenya hatchi kulowera kuchipatala ku Mtunthama, Naphiri akuthamanga pambuyo wapansi.

Namondwe adauluka tsiku limenelo. Mphamvu zonse za matumba aja zidali m'miyendo mwake, matope akuwaza uku ndi uku. M'midzi anthu owonda ankatuluka kudzaona chinyama chonenepa chikudutsa. Ine ndinkalankhula njira yonse, mokweza. Ndinkati, Tadala, tikabwerako ndikuphikira phala lija, beseni lonse, Mfumukazi adikire. Ndidamuuza zonse. Ndidamuuza kuti agogo ako sadziwa kuwerenga. Munthu woyamba kumuuza ndi pakamwa panga adali iyeyo.

Powoloka dambo lachiwiri ndidamva kamutu kakulemera mwa mtundu wina. Sindidaime. Ndidafika pachipatala ndikukuwa ngati ndikuitana hatchi. Namwino adatsegula chitenje, adagwira pakhosi, adadikira, n'kutsekanso bwinobwino. "Khalani pansi, agogo," adatero. "Amake ali kuti?"

Naphiri tidakumana naye panjira pobwerera, ine ndili wapansi, ndikukoka hatchi. Ataona kuti sindikuthamanga, adakhala pansi m'matope.

Adzukulu adakumba manda ofika m'chiuno, mphamvu zidathera pomwepo. Akulu ampingo adandiyang'ana kuti ndiyambitse nyimbo monga mwa masiku onse. Ine ndidaweramitsa nkhope. Adayambitsa a Jere, ndi kamawu konjenjemera. Patatha sabata tidakaikanso anyaTembo.

Malichi

Maungu adayamba, kenaka mondokwa. Anthu ankadya ali chiimire m'munda, ena mimba zosazolowera zidawapweteka. Chimanga chosakhwima tidachisenga, kuyanika, kukagayitsa chitibu. Utsi udayambanso kutuluka m'makhitchini masana.

M'nyumba mwathu mudalibe wodutsamo mawu. Naphiri ankaika chakudya pakhonde n'kugogoda mbale ndi supuni. Ine ndikatha ndinkatsokomola. Tsiku lina adaiwala, adayamba kuti, "Tadala, awuze..." n'kulekeza. Ndidamva akulowa m'nyumba, chitseko n'kutsekeka.

Abwana atabwera, a Chisale adawauza za hatchi yotuluka pa geti. Ndidavula chipewa kudikira kuchotsedwa. Iwo adangogwira pakamwa. "Madala, mdzukulu wanu? Bwanji simudandiimbire? Bwanji simudanene kuti zafika pamenepo?" Adanditumizira thumba la chimanga tsiku lomwelo. Ndikadanena mu Januwale, kaya. Mwale wa Mahatchi sankapempha.

Mfumukazi ndiye idanenepa, khosi lidadzaza. M'mawa uliwonse ndinkaitakasirabe phala, kuyesa ndi chala, kuigwirira beseni. Idalibe mlandu. Koma ndidaleka kuilankhula.

Epulo

Fodya adayamba kudindidwa, malole a mabelo kupita ku okushoni. Lameki adafika Lachinayi masana, akukankha njinga yobwereka, kumbuyo matumba awiri a chimanga. Adadwala malungo ku Zambia kuja, foni adagulitsa, mwini munda adamusunga mpaka kukolola. Uthenga wa maliro udamupeza pa Kasungu, kwa munthu wa kwathu. Adalowa pabwalo osaodira, adatsamiritsa njinga, adapita kumanda ndi mkazi wake. Ine sadandiitane.

Mawa lake adakhala pakhonde langa. Pakhomo ndidali nditapachika thumba lopanda kanthu la zonsemomwemo, lotchinga mphepo poti chitseko chidathyoka. Munthu wophunzira maso ake sakhala chete, amawerenga chilichonse chili patsogolo. Adagwira ngodya ya thumba kuti aliwongole.

"Musagwire, bambo a Tadala," adatero Naphiri ali pamtondo. "Za poizoni zimenezo."

"Poizoni wake uti?"

Adamufotokozera zonse. Za lole, za mizere yofiira, za tsiku limodzi. Za mmene Mulungu adapulumutsira mwana atasanza. Za ndowa ya kuchimbudzi. Ankanena monyadira pang'ono, ngati mayi amene adachita mbali yake.

Lameki adayang'ana thumba, adayang'ana ine. Ine ndidayang'ana nsapato. Kenaka adayamba kuwerenga, kutembenuza m'Chichewa liwu ndi liwu, mawu ake osakwera osatsika, monga ankandiwerengera makalata.

"Chimanga. Gaga wa tirigu. Soya. Udzu wogaya. Madzi a nzimbe. Mchere."

Munsi udaima.

"Pofiirapo?" adafunsa Naphiri.

"Sungani pouma. Perekani madzi akumwa okwanira nthawi zonse."

"Basi?"

"Basi."

Naphiri adaika munsi pansi pang'onopang'ono. Adabwera kutsogolo kwa khonde n'kundiyang'ana m'maso, zomwe sadachitepo chikwatiwire. Ndidaona koyamba kuti ali ndi kachipsera pachikope. Sadatukwane. Sadalire. Adatambasula dzanja lake lamanja, lija adamenyera mwana, n'kumaliyang'ana ngati la munthu wina.

Ndidavula magalasi. Ndidatulutsa cholembera m'thumba n'kuchiika pansi. Chidalibe n'inki yomwe.

Meyi

Tidakolola tochepa, ngolo imodzi yosadzaza. Mtengo wa chimanga udatsika, mavenda omwe aja adayamba kuzungulira ndi masikelo kugula kwa anthu omwe adawakhaulitsa. Naphiri adapempha kupita kwawo ku Dowa. Malume ake adabwera kudzamutenga. A Jere ndidawatsata ndekha kuchigafa, ndidawauza pamaso pa anthu onse, ndi mawu anga onse. Sadaseke. Adati, "Ndidakayika, adada. Koma ndidati munthu wa magalasi sanganame pa za imfa." Atagulitsa fodya adakwera lole ya kwawo okha.

Kodi phala lija likadamupulumutsa? Ndafunsa alangizi, ndafunsa anamwino. Ena akuti udzu wake ndi wambiri, mimba ya mwana sikadaugaya bwino. Ena akuti kusefa n'kuwiritsa, kukadamugwira mpaka maungu. Maungu adachedwa ndi masabata atatu okha. Palibe amene akundiuza chimodzi, ndipo ndaleka kufunsa.

Lameki adakhala masiku ambiri osandilankhula. Tsiku loti mawa lake atsatira mkazi wake ku Dowa, adandipeza kukhola m'mawa, beseni lili m'manja, Mfumukazi ikudya maso ali tseke. Adatsamira pakhomo, adaonerera mpaka idanyambita beseni lonse. Ndiye adati:

"Ababa, sindikuti mudamupha. Njala yatenga ambiri, mwina akadapita ndithu. Koma hatchi yopanda mano munkaiphikira phala m'mawa uliwonse, mdzukulu wanu akuonerera. Mawu ake adali awiri okha, ababa: sindidziwa kuwerenga. Inu amene mumamveka mpaka kudambo, awiri okhawo adakukanikani?"